Ndani Amalipira Kuti Lamya Iyankhidwe Usiku?

Nkhani ya sabata ino yachokera pa chikalata chimene ambiri a ife sitichiwerenga n'komwe. Tikunena bilu ya lamya. Lamulungu lina m'chaka cha 2024, Misa itatha, tinakhala m'holo ya parishi tikumwa tiyi monga mwa nthawi zonse, ndipo mnzathu wina anayamba kudandaula za timisonkho tambirimbiri timene amadulidwa mwezi ndi mwezi. Anatsegula biluyo pa foni yake nayamba kutiwerengera mzere umodziumodzi, mtima uli m'mwamba. Atafika pa mzere wina wa masenti 40, wolembedwa nambala 988, anati: "Nanga ichi n'chiyaninso, anthuni? Atimalizatu awa." Ambiri anaseka. Koma ife anayi amene tinali pamodzi usiku wina wa mu Febuluwale 2022 sitinaseke, pakuti tinkadziwa chimene masenti amenewo amagula.

Ambiri a m'gulu lathu tinabwera kuno ku chigawo cha Washington, m'dziko la America, kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia, ena kudzaphunzira, ena kutsatira makolo, ena kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Pakati pathu pali mnyamata wina wansangala, woimba bwino m'kwaya, amene sitimutchula dzina ngakhale watilola kufotokoza nkhani yake. Ntchito itamuthera, ngongole ya sukulu n'kumupanikiza, anayamba kujomba ku kwaya, kenaka ku Misa. Tikamuimbira ankangoti ali bwino, wangotopa. Ife tinamukhulupirira, chifukwa kutero kunali kosavuta kuposa kukamuona. Usiku wa tsikulo, cha m'ma 1 koloko, anatumiza uthenga kwa mmodzi wa ife wotsanzika ndi kupepesa pa zonse. Tinadzutsana, tinakwera galimoto imodzi, ndipo tinam'peza ali moyo, atakhala pansi m'chipinda chamdima, akunjenjemera, osafuna kuyang'ana munthu kumaso.

Chimene timachikumbukira ndi manyazi n'chakuti tinakangana pakhonde pafupifupi theka la ola, osadziwa woti timuimbire. Mmodzi anati tiimbe 911, nambala ya apolisi, ozimitsa moto ndi ambulansi. Wina anakanitsitsa: "Achimwene, mukaimba imeneyo kubwera apolisi ndi mfuti. Uyu ndi mnyamata wakuda, mutu wake suli bwino usiku uno, ndipo mapepala ake a sukulu asokonekera. Mukufuna timuwonjezere mavuto?" Kunali nambala ina yaitali yothandiza anthu oganiza zodzipha, imene inalipo kuyambira 2005, koma panalibe mmodzi wa ife amene ankaidziwa pamtima. Mapeto ake tinamunyengerera kukwera galimoto, tinapita naye kuchipatala, ku mbali ya odwala mwadzidzidzi, ndipo tinadikira pa mipando mpaka kunja kutacha, pakati pa anthu othyoka miyendo ndi ovulala pa ngozi zapamsewu. Anathandizidwa, ndipo lero ali nafe. Koma tikudziwa kuti tinangochita mwayi.

Mantha a mnzathu wa pakhonde uja anali ndi maziko. Mu Meyi 2018, mumzinda wa Richmond ku Virginia, wapolisi anawombera ndi kupha Marcus-David Peters, mphunzitsi wa sayansi wazaka 24, amene anali atasokonezeka maganizo. Mu Juni 2019, ku Walnut Creek m'chigawo cha California, achibale a Miles Hall, wazaka 23, anaimba 911 kupempha thandizo matenda ake atakula. Apolisi anafika ndipo anamuwombera pafupi ndi kwawo. Onse awiri anali anyamata akuda. Mabanja awo atalira sanakhale chete. Anapita ku nyumba za malamulo za zigawo zawo, kotero ku Virginia kunabadwa lamulo la 2020 lotchedwa dzina la Peters, ndipo ku California lamulo la 2022 lotchedwa dzina la Hall. Malamulo awiriwa cholinga chawo n'chimodzi: kuti munthu akadwala maganizo, woyamba kum'fikira akhale wodziwa za matendawo.

Nambala ya 988 inabwera motere. Mu Julayi 2020 bungwe la boma loyang'anira za malamya ndi mawailesi, la FCC, linapatula manambala atatuwa kuti akhale a anthu amene ali pa vuto la maganizo. Pa 17 Okutobala chaka chomwecho pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo limene aphungu a zipani zonse ziwiri anagwirizana nalo, ndipo pa 16 Julayi 2022, mu ulamuliro wa Joe Biden, nambalayi inayamba kugwira ntchito m'dziko lonse. Panali patangopita miyezi isanu chichitikire zausiku wathu uja. Munthu akhoza kuimba, kulemba uthenga, kapena kucheza ndi mlangizi pa intaneti, usana ndi usiku, osalipira kanthu. M'chaka cha 2022 chokha anthu oposa 49,000 anadzipha m'dziko muno, ndipo m'zaka ziwiri zoyambirira 988 inalandira mafoni ndi mauthenga oposa 10 miliyoni. Kufunika kwake sikusowa umboni.

Koma nambala payokha siyankha munthu. Mukaimba 988, lamya yanu imapita ku amodzi mwa malo oposa 200 omwazikana m'dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo amayendetsedwa ndi mabungwe a m'madera osapanga phindu. Pamene nambalayi inkayamba, kuno ku Washington ntchitoyi inapatsidwa kwa mabungwe atatu: Crisis Connections ku Seattle, Volunteers of America Western Washington ku Everett, ndi Frontier Behavioral Health ku Spokane. Pa malo alionse pamafunika munthu wophunzitsidwa bwino amene wakhala maso pa 3 koloko usiku, ndipo munthu ameneyo ali ndi lendi yolipira ndi ana owadyetsa. Akasowa, lamya imadikira, kenaka imapititsidwa ku malo ena akutali, kumene woyankha sadziwa chipatala chapafupi ndi inu kapena gulu limene lingabwere pakhomo panu. Tsono munthu amene wafika pamapeto sadikira nthawi yaitali. Ena amadula lamya isanayankhidwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Lamulo la 2020 linapereka nambala ku dziko lonse, koma udindo waukulu wopeza ndalama zokhazikika linausiya m'manja mwa zigawo, zimene zili ndi nyumba zawozawo za malamulo ndi mabajeti awoawo. Boma lalikulu linathandiza ndithu: mu Disembala 2021 linalengeza madola 282 miliyoni okonzekera kuyamba kwa 988, ndipo ndalama zina zinatsatira. Koma thandizo lotere limaperekedwa kwa kanthawi, ndipo chaka chilichonse limadalira mmene aphungu a ku likulu la dziko agwirizanirana. Chimene lamulolo linachita n'kuloleza chigawo chilichonse kuika kamsonkho ka mwezi ndi mwezi pa lamya, monga mmene zigawo zambiri zakhala zikulipirira 911 kwa zaka zochuluka, ndi kulamula kuti ndalamazo zigwire ntchito ya 988 ndi thandizo lotsatira pambuyo pake basi. Khomo linatsegulidwa, ndipo kulowa kapena kusalowa kunali kwa chigawo chilichonse pachokha.

Zigawo zinayi zinalowa mu 2021. Virginia inali yoyamba, ndipo inaika masenti 12 pa mwezi pa foni ya m'manja. Colorado inalola kuti kamsonkhoka kafike masenti 30 ngati kutafunika, Nevada masenti 35. Kuno kwathu phungu Tina Orwall anabweretsa bilu nambala 1477 m'nyumba ya malamulo ku Olympia, ndipo bwanamkubwa Jay Inslee anaisaina mu Meyi 2021. Kuyambira mu Okutobala chaka chimenecho lamya iliyonse inayamba kulipira masenti 24 pa mwezi, ndipo mu Januwale 2023 anakwera kufika pa 40. Awa ndiwo masenti amene mnzathu ankadandaula nawo m'holo muja. Pa chaka chathunthu ndi madola 4 ndi masenti 80, osakwana mtengo wa nkhomaliro imodzi ya kuntchito. California inayamba ndi masenti 8 mu 2023, Oregon inaika 40 kuyambira 2024, Delaware 60. Komabe pofika pakati pa 2024, zigawo khumi zokha mwa 50 ndizo zinali zitakhazikitsa kamsonkho kotere.

Zigawo zina zinasankha kupatula ndalama m'bajeti ya nthawi ndi nthawi, ndipo zina zinangokhazikitsa makomiti ofufuza. Ku Wyoming, chimodzi mwa zigawo zimene chiwerengero cha odzipha chimakhala chokwera kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake, aphungu mu 2023 anavomereza kuti pakhale thumba lapadera la 988, koma anakana kuikamo ndalama. Anamanga nkhokwe n'kuisiya yopanda chimanga. Chaka chotsatira ndi pamene anathiramo madola 10 miliyoni. Tikufotokoza izi kuti tione kusiyana kwa njira ziwirizi. Ndalama ya m'bajeti imapikisana ndi misewu, sukulu ndi ndende nthawi iliyonse aphungu akakumana, ndipo chuma chikavuta n'kosavuta kuidula, pakuti odwala maganizo sachita zionetsero pamsewu. Kamsonkho ka pa lamya kamalowa mwezi uliwonse, kaya aphungu akumbukira kaya aiwala. Motero bungwe loyankha mafoni lingathe kulemba munthu ntchito n'kumuuza mosanama kuti chaka chamawa adzalandirabe malipiro.

Ndalamazi sizithera pa lamya pokha. Akatswiri a boma a za thanzi la maganizo amati thandizo lathunthu lili ndi mbali zitatu, zimene ife tingazifanizire ndi mafuwa a pamoto: woti umuimbire, woti abwere, ndi malo oti upiteko. Fuwa loyamba ndi mlangizi wa pa lamya. Anthu ambiri amathandizika pomwepo, mwa kumvedwa ndi kukonza pamodzi zoti achite kufikira m'mawa. Boma limanena kuti mafoni osakwana awiri mwa 100 alionse ndi amene amafunika kuitanitsa apolisi kapena ambulansi. Fuwa lachiwiri ndi gulu loyenda pa galimoto, la katswiri wa za maganizo ndi mnzake, amene nthawi zambiri amakhala munthu woti nayenso anadwalapo n'kupeza bwino. Amafika opanda mfuti, n'kukhala pansi ndi wodwalayo m'nyumba mwake. Fuwa lachitatu ndi nyumba yolandirira anthu mwadzidzidzi, kumene munthu angapumule usiku umodzi kapena masiku angapo osadikira pa mipando ya chipatala monga tinachitira ife. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika sukhazikika.

Mafuwa awiri otsirizawa ndi okwera mtengo kuposa loyamba, ndipo masenti a pa lamya sangawanyamule okha. Mu 2021 boma lalikulu linalonjeza kuti kwa zaka zitatu zoyambirira lidzalipira magawo 85 mwa 100 a mtengo wa magulu oyenda m'zigawo zimene ziwakhazikitse kudzera mu Medicaid, ndondomeko yolipirira osauka kuchipatala. Mu 2023 aphungu a ku Olympia anawonjezera lamulo lina, nambala 1134, lolimbikitsa magulu ofika msanga pakhomo pa wodwala. Mu Epulo chaka chomwecho anthu a m'boma la King, mmene muli mzinda wa Seattle, anavota kuti azilipira msonkho wa pa nyumba ndi malo, wokwana madola 1.25 biliyoni pa zaka 9, kuti pamangidwe malo asanu olandirira odwala maganizo mwadzidzidzi. Anthu anavomera okha kudzidula msonkho.

Tionenso chimene chimachitika ndalama zikaphwa. Mumzinda wa Eugene, ku Oregon, munali gulu lotchedwa CAHOOTS, limene kuyambira 1989 linkatumiza wachipatala ndi mlangizi kwa anthu ovutika maganizo m'malo mwa apolisi. Mizinda yambiri ya m'dziko muno inkaloza gululi ngati chitsanzo, ndipo ina inatengera kumeneko poyambitsa magulu akeake. Mu Epulo 2025 CAHOOTS inaleka kugwira ntchito mu Eugene chifukwa cha kuperewera kwa ndalama, itatumikira zaka zoposa 35. Kutchuka sikunaipulumutse. Ntchito yabwino imene ilibe gwero lodalirika la ndalama ikhoza kufa dziko lonse likuiombera m'manja.

Sitinganene kuti aliyense wotsutsa kamsonkhoka ndi wouma mtima. Ena amati masenti 40 amadula mofanana mayi wotsuka mbale m'lesitilanti ndi mwini kampani, ndipo banja losauka lokhala ndi mafoni asanu limalipira kuposa munthu wolemera wokhala yekha. Zimenezo n'zoona. Ena amakumbutsa kuti zigawo zina, monga New Jersey ndi New York, zakhala zikutchulidwa m'malipoti a FCC kuti zinatenga ndalama za 911 n'kuzigwiritsa ntchito zina, ndipo amafunsa chimene chingaletse zomwezo kuchitikira 988. Makampani a lamya nawo anakakamira kuti ndalamazi zingolipira oyankha mafoni, zisafike ku magulu oyenda ndi nyumba zolandirira odwala. Aliponso anthu amene anaimbapo kupempha thandizo, apolisi n'kuwafikira iwo asanavomere, kotero safunanso kumva za nambala iliyonse.

Madandaulo amenewa ayenera kumvedwa, ndipo yankho lake lili m'kalembedwe ka lamulo. Lamulo labwino limaika ndalamazo m'thumba lakelake lotsekedwa, limalamula kuti chaka chilichonse anthu auzidwe zimene zalowa ndi mmene zagwirira ntchito, limakhululukira osaukitsitsa amene boma limawathandiza kale kulipira lamya, ndipo limanena momveka bwino nthawi imene apolisi angaitanidwe. Ife tikayesa zonse pa sikelo, taona kuti kusalipira nakonso kuli ndi mtengo wake. Mtengowo umalipiridwa ku zipatala za odwala mwadzidzidzi, m'ndende zosunga anthu oyenera kukhala kwa dokotala, ndi kumanda. Ndipo amene amaulipira kwambiri ndi osauka omwewo, pakuti wolemera ali ndi dokotala wake woti amuimbire.

Ganizo lakuti lamya ingapulumutse moyo si la lero. Mu 1953 wansembe wa mpingo wa Anglican, Chad Varah, anaika lamya pa tchalitchi cha St Stephen Walbrook ku London ndi kulengeza kuti aliyense woganiza zodzipha aimbe. Chimene chinam'khudza mtima chinali maliro amene anatsogolera ali mtumiki wachinyamata, a mtsikana wamng'ono amene anadzipha chifukwa chosowa womufunsa za kusintha kwa thupi lake. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Samaritans, limene likuyankhabe mafoni ku Britain ndi ku Ireland mpaka lero.

Dzina limenelo limatibwezera ku fanizo limene tonse tinaliphunzira ku katekisimu. Tikamalimva m'mutu 10 wa Mthenga Wabwino wa Luka, mtima wathu umathamangira pa chifundo cha Msamariya pamsewu: kuima, kutsuka mabala, kukweza wovulala pa bulu. Kawirikawiri timadumpha zimene zinachitika m'mawa mwake. Munthuyo anali ndi ulendo wake, ndipo sakanatha kukhala pambali pa wodwala mpaka achire. Choncho anatulutsa ndalama ziwiri, malipiro a masiku awiri a munthu waganyu, nazipereka kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Anadziwa kuti chifundo chake chikanathera pakhomo pomwepo pakanapanda wina wolipidwa kuti apitirize. Ife anayi usiku uja tinaima pamsewu, ndipo tinachita bwino kuima. Koma tinalibe luso, tinalibe nyumba yoyenera yokam'siyako mnzathu, ndipo m'mawa mwake aliyense anayenera kupita kuntchito. Masenti 40 aja ndiwo ndalama zosiyira mwini nyumba ya alendo, ndipo lamulo la chigawo ndilo lonjezo lakuti tidzalipirabe mwezi wamawa.

Tiyenera kuvomerezanso kuti vuto lina lili mwa eni akefe. Tinakulira kumene matenda onse a maganizo ankangotchedwa misala, ndipo dzina la Zomba, kumene kuli chipatala chachikulu cha matendawa ku Malawi, tinkalitchula potonzana kusukulu. Tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, kuti za m'nyumba sizituluka kunja, kuti wovutika mumtima ndiye kuti wachepa chikhulupiriro kapena walodzedwa. Zonsezi tinabwera nazo m'masutikesi athu. Kuno zinakumana ndi kusungulumwa, nyengo yozizira imene dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ntchito za usiku, ndi achibale kumudzi amene amayembekeza ndalama mwezi uliwonse poganiza kuti ku America kulibe wosauka. Mnzathu uja anatiuza pambuyo pake kuti chimene ankachiopa koposa zonse chinali chakuti amayi ake amve kuti walephera.

Mpingo wathu nawonso wayenda ulendo pa nkhaniyi. Malamulo a Mpingo a 1917 ankaletsa mwambo wa maliro a chikhristu kwa munthu wodzipha mwadala, ndipo malamulo a 1983 anachotsa chiletso chimenecho. Katekisimu wa 1992 amaphunzitsabe kuti moyo ndi mphatso ya Mulungu imene tilibe ufulu woitaya, koma pa ndime 2282 ndi 2283 amavomereza kuti kuvutika kwakukulu kwa maganizo kungachepetse kulakwa kwa munthu, ndipo amatiletsa kutaya mtima za chipulumutso cha amene anafa motere. Ambuye John Dolan, episkopi wa Phoenix, amene anataya abale awo atatu ndi mlamu wawo mwa njira imeneyi, anatsegula ofesi ya utumiki wa za thanzi la maganizo mu dayosizi yawo mu 2022, ndipo mu Okutobala 2023 maepiskopi a dziko lino anayambitsa kampeni pa nkhani yomweyi. Pemphero ndi lamya sizilimbana. Parishi ingathe kuchezera, kupempherera, kuphikira ndi kuperekeza wodwala, koma singathe kukhala ndi katswiri wodikira usiku uliwonse wa chaka. Imeneyo ndi ntchito ya anthu onse pamodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Kumapeto kwa 2023 vuto linabweranso, ulendo uno kwa mtsikana wa m'gulu lathu lomweli, amenenso watilola kunena. Amene anaona zizindikiro anali mnyamata uja wa mu 2022. Sanazungulire. Anamufunsa mwachindunji: "Chemwali, kodi mukuganiza zodzipha?" Atavomera, anakhala naye pansi naimba 988, onse awiri akumva. Anayankha mayi wina wa mawu odekha, amene sanafunse za mapepala, sanalalikire, sanawathamangitse. Anacheza nawo nthawi yaitali, anawathandiza kuchotsa m'nyumba zinthu zoopsa, ndipo mtsikanayo atavomera, kunabwera anthu awiri usiku womwewo pa galimoto wamba. Panalibe kukangana pakhonde. Sitikunena kuti zimayenda chomwechi kwa aliyense. Tamvapo za ena amene anadikira, ndi ena amene sanakhutire ndi thandizo lake. Tikungochitira umboni kuti pakati pa mausiku awiriwo panali kusiyana, ndipo kusiyanako kunagulidwa ndi ndalama zimene anthu mamiliyoni osadziwana anasonkha pang'onopang'ono, chifukwa aphungu awo analemba lamulo.

Tsono tichite chiyani sabata ino? Choyamba, aliyense asunge 988 m'foni mwake ndi kuuzako a m'banja mwake ndi a mu mphakati wake. Nambalayi imagwira ntchito ku America, ndipo Canada nayo inayamba kugwiritsa ntchito nambala yomweyi mu Novembala 2023. Abale athu a kumudzi sangaiimbe kuchokera kumeneko. Simuyenera kukhala inuyo wovutika kuti muimbe, mukhoza kuimba pofuna kuthandiza mnzanu, ndipo amene Chingerezi chimawavuta angapemphe womasulira. Chachiwiri, tisaope kufunsa mwachindunji. Akatswiri apeza kuti kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo nthawi zambiri kumamupeputsa mtima kuti wina waona.

Chachitatu, titsegule mabilu athu a lamya. Anzathu amene mukuwerenga muli m'zigawo zina, onani ngati mzere wa 988 ulipo, ndipo ngati palibe, funsani phungu wa dera lanu kuti oyankha mafoni a kwanuko amalipidwa kuchokera kuti. Kuno nyumba ya malamulo ku Olympia imayamba kukumana mu Januwale chaka chilichonse, ndipo bajeti ya zaka ziwiri imakonzedwa m'zaka monga 2025 ndi 2027. Aliyense wokhala m'chigawo chino, kaya ndi nzika kaya ayi, angathe kulembera phungu wake kapena kupereka maganizo pa bilu kudzera pa intaneti. Ambiri a ife sitivota, koma tonse timalipira, ndipo wolipira ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake yapita. Malamulo a ku Virginia ndi ku California anabadwa chifukwa mabanja olira anapirira kukalankhula pamaso pa aphungu. Ife tisadikire maliro kuti tikalankhule.

Ndipo kwa iwe mnzathu amene ukuwerenga izi mtima uli wolemera, amene wakhala ukutiyankha kuti uli bwino, wangotopa: akuluakulu anati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Sunalephere, ndipo suli wekha. Uza mmodzi wa ife, uza Bambo Mfumu, kapena imba 988 usiku uno. Pali munthu amene wakhala maso chifukwa cha iwe, ndipo tonse tinasonkha kuti akhalepo.

Mnzathu wa bilu uja, titamufotokozera zonsezi m'holo muja, anakhala chete kwa kanthawi tiyi wake akuzirala. Kenaka anati mizere inayo apitiriza kuidandaula, koma umenewu ausiye. Pa mapemphero athu a sabata ino tikumbukire onse amene amayankha mafoni usiku, magulu amene amayenda m'misewu yamdima kukafika pakhomo pa wodwala, aphungu amene amasankha kumene ndalama zipite, ndi mabanja amene thandizo linawapeza mochedwa.